A Mwalapwa ndi Mzere wa Pakati pa Mafuta ndi Madzi

Loweruka lapitali tinakavundukula chiliza cha a Mwalapwa, poti chaka chatha chimwalirireni. Abusa analankhula zabwino zokhazokha: kuti malemu anali munthu wofatsa, wodekha, wokonda kukhala pansi ndi anzake. Ndinayang'ana amake Tiyese, mkazi wa malemuwo, iwonso n'kundiyang'ana, ndipo tonse awiri tinabisa nkhope m'zitenje. Abusawo ndi atsopano, sitingawaimbe mlandu. Koma ine ndakhala moyandikana ndi banja limeneli kuno ku Chikamveka zaka zambirimbiri, mpanda wathu ndi umodzi, ndipo sindinawaonepo a Mwalapwa atakhala pampando mpaka tiyi kuzirala. Wodekha? Munthu amene ankadya ataimirira!

Ndikufuna ndinene za iwo monga analili. Ndinkawakonda, komanso ankandipsetsa mtima pafupifupi sabata iliyonse.

Anaphunzitsa masamu ku koleji mpaka kupuma pantchito. Anali aatali, owonda, ndipo poyenda ankatsogoza mutu, miyendo n'kumatsatira pambuyo. Kutchalitchi malo awo anali benchi yomalizira, pafupi ndi chitseko, kuti ulaliki ukafika pa mfundo yachitatu azembe. Akakwera minibasi yopita ku Songani kukaona mlongo wawo, minibasiyo ikaima kudikira anthu, iwo ankatsika n'kuyamba wapansi. Kondakitala ankawatolanso kutsogolo, atatuluka thukuta, akudandaula kuti galimotoyo yachedwa. Loweruka lililonse ankakwera phiri, osati kukaona malo monga achitira alendo, koma kukayang'ana madzi. Ankaima pamwamba pa kamtsinje, n'kuponyamo tsamba, n'kumalithamangira m'mbali mwa madziwo mpaka litasowa. Amayi otola nkhuni anawazolowera. Ankangowapatsa moni n'kuwapatukira.

Zonsezi tikanaziseka basi, pakanapanda maliro.

Kuno maliro ndi kukhala. Ukhoza kubwera chimanjamanja, osaimba, osalira, koma ukhale, anthu akuone kuti wakhala, mpaka mwambo wonse uthe. Ndipo amene amaonetsetsa kwambiri ndi adzukulu, amuna okumba manda. Iwo salemba paliponse, koma saiwala. A Mwalapwa maliro ankafikako ndithu, ulemu anali nawo, koma pakangopita kanthawi ankayamba kugwedeza bondo, kenako kuimirira ngati akukapepesa munthu wina, kenako osaonekanso. Amake Tiyese ndiwo ankakwirira dzenje limenelo. Maliro aliwonse a m'dera lino ankafika oyamba n'kuchoka omaliza. Khomo lililonse limapereka mbale imodzi ya ufa. Iwo ankanyamula ziwiri. Ndikawafunsa ankati, "Ina ndi yanga, ina ndi ya kukhala kwa bambo."

N'chifukwa chake tsiku limene uthenga wa imfa ya amuna awo unabwera kuchokera kuchipatala, asanayambe n'kulira komwe, anandigwira dzanja mwamphamvu n'kundifunsa, "Achemwali, mukuona ngati akumba?"

Ndinayankha kuti akumba. Koma mtima wanga sunakhazikike, chifukwa ndinkakumbukira za babu la magetsi. Kuti za babuzo zimveke, ndiyambe ndi ngalande.

Kuseri kwa nyumba zathu kumadutsa ngalande yotenga madzi ku kamtsinje kochokera kuphiri, n'kuwapititsa ku madimba kumunsi. Madimbawo ndi a amayi ambiri a kuno, ine ndi amake Tiyese tili momwemo. Timalima mpiru, repu, tomato, n'kukagulitsa kumsika. Zaka zija mafuta a galimoto ankasowa, anthu akugona pamizere, munthu wina anatsegula galaja kumtunda kwa ngalandeyo. Anyamata ake akatsitsa oyilo wakutha m'mainjini ankangothira pansi, akatsuka zitsulo madzi ake n'kulowa m'ngalande. Poyamba tinangoona timitundu tokongola pamwamba pa madzi. Kenako mpiru unayamba kuda m'mphepete mwa masamba ndi kununkha injini. Makasitomala kumsika ankanunkhiza mpukutu n'kuubweza. Tinapita kwa mwini galaja, anatilandira bwino, anatipatsa mipando, analonjeza. Tinapitanso, analonjezanso.

A Mwalapwa sanapite nawo kumeneko. Anatenga thabwa, n'kulipingasa m'ngalande kuseri kwa nyumba yawo, mbali ina ili pamwamba, ina yamira, pansi n'kusiya mpata. Anatiuza kuti mafuta amayandama, ndiye thabwalo liwagwira pamwamba, madzi oyera adutsa pansi. Tinaombera m'manja. Amayi ena anayambitsa ndi nyimbo yomwe.

Sabata isanathe zinthu zinaipiraipira. Madzi pofinyika pansi pa thabwa ankathamanga, n'kumakoka oyilo uja, n'kumuswa kukhala timadontho ting'onoting'ono tosakanikirana ndi madzi. Kale oyilo ankabwera pamwamba, timatha kumukankha ndi tsache tisanatunge. Tsopano anali paliponse. Mbande zonse zimene tinali titangowokera zinapsa. Amayi anabwera pakhomo pawo atanyamula masamba ofotawo m'manja, ndipo mawu amene analankhula sindingawalembe pano. Ena mwa mawuwo anali anga.

Tsiku limenelo ndinawaona a Mwalapwa ataima phee, koyamba chiwadziwireni. Sanadziteteze. Anangoyang'ana masambawo, n'kupita kukazula thabwa lawo. Madzulo ake anandiuza pampanda kuti anachita chinthu chimene ankaletsa ophunzira awo moyo wonse: kuyankha funso ndi maso okha.

M'mawa mwake ndinadzidzimuka ndi mawu a amake Tiyese.

"Bambo, mawindo a kuchipinda apita kuti?"

"Ndabwereka pang'ono, mayi."

"Mwabwereka kwa ndani? Ine mwandipempha? Kuzizira konseku, mphepo ikutsika phiri, ife tigone ngati tili pabwalo?"

"Tiikapo makatoni. Ndibweza ndikatha."

Anali atazula magalasi aja aatali a m'mawindo, n'kuwamata ndi guluu m'mbali mwake, kupanga kangalande kakang'ono koonekera mkati. Anakakhazika pakhonde pa njerwa, kumtunda ndowa yoboola, kumunsi beseni. Madzi ankawathira buluu wochapira kuti azioneka bwino. Mafuta ake anayamba ndi ophikira a amake Tiyese, mpaka mayiwo anayamba kubisa botolo kwa ine. Atawatsekera njira imeneyo anakapempha oyilo ku galaja komweko, ndipo mwini galaja anawapatsa mokondwa, poganiza kuti wapeza munthu mmodzi womumvetsa.

M'chipinda chochezera munali kompyuta yakale imene mwana wawo Tiyese anawasiyira popita kukagwira ntchito ku Lilongwe. Inkalira ngati chigayo chakutali. Tsiku lina a Mwalapwa anandiitana.

"Aphunzitsi, tabwerani muone."

Ankanditcha choncho poti ndinaphunzitsapo kupulayimale. Pa sikirini panali chithunzi cha ngalande yoonedwa cham'mbali, pansi pabuluu, pamwamba pofiira.

"Ofiirawo ndi mafuta, abuluuwo ndi madzi. Ngalande yonseyi ndaidula m'tizipinda ting'onoting'ono. Kachipinda kalikonse makinawa akukafunsa: muli mafuta ochuluka bwanji, madzi ochuluka bwanji, akuthamanga bwanji? Kakayankha, akufunsa koyandikana nako kuti kalandira zotani. Akamaliza tonse, ayambirenso. Mwaona?"

"Ndaona utoto," ndinatero. "Ndiye mpiru wathu uzimwa zithunzi?"

Sanamve n'komwe. Analoza ndi chikhadabo pamene kufiira kunkakumana ndi buluu. "Mafuta savuta, aphunzitsi. Madzi savuta. Chovuta ndi apa."

Mzere umenewo ndiwo unawadya mutu. Ankanena kawirikawiri kuti madzi akamayenda pang'onopang'ono mzerewo umagona, akawonjeza liwiro umayamba kuvina, akawonjezanso umang'ambika, ndipo ukang'ambika palibe thabwa limene lingakuthandize. Ankanenanso kuti kompyuta ndi wophunzira womvera kwambiri, n'chifukwa chake ndi woopsa: ukamuuza zolakwika amazichita mokhulupirika mpaka kumapeto. Ndiye chilichonse chimene makinawo aonetsa ankathamangira nacho pakhonde kukachiyesa m'kangalande kagalasi, n'kuthamangiranso m'nyumba. Chitseko cha nyumba imeneyo sichinkapuma. Anali atalumbira kuti saikanso thabwa m'madzi a anthu mpaka mzere wa pa sikirini ndi mzere wa m'galasi utafanana.

Koma makinawo anali aulesi. Madzi amene m'ngalande amadutsa munthu akungophethira, pa kompyutayo ankatenga tsiku lathunthu. Ndipo magetsi masiku amenewo ankabwera ngati mlendo wosaitanidwa, n'kuchoka osatsanzika. Akathima, makina ankaima. Akayaka, pankafunika munthu woti ayatse ndi kuwauza poyambira, apo ayi ola limenelo lapita pachabe. Amake Tiyese anakana kuphunzira. Anati mawindo awo akabwerera adzaganizira. Choncho a Mwalapwa anasanduka mlonda wa magetsi. Babu la pakhonde pawo silinkazimitsidwa usana ndi usiku, kuti likhale chizindikiro. Ana a m'dera akakuwa kuti "Ayakaaa!" monga amachitira, chotsatira chinali kulira kwa mpando ukukankhidwa, kapena mapazi awo akudutsa pampanda panga kuchokera kulikonse kumene anali.

Nthawi inkapita, dzuwa linkakula. Tinali titafesanso, ndipo mbande zatsopano zinkadikira madzi. Tinkasenza madzi a pampopi mpaka kudimba, mitu kuwawa. Tikadutsa pakhomo pawo tinkafunsa mokweza kuti zithunzi zafika pati. Iwo ankayankha kuti zatsala pang'ono, ndipo ankaoneka kuti akuwonda kuposa mbandezo.

M'nyengo imeneyo ndi m'mene anamwalira mayi awo a a Bonongwe. A Bonongwe ndi mmisiri wa matabwa, munthu wochepa mawu, ndipo ndiwo mkulu wa adzukulu kuno. Amake Tiyese anawachonderera amuna awo usiku wonse wa dzulo lake kuti maliro awa okha akhale. Analonjeza. Ndipo anayesetsa, ndinawaona ndi maso anga. Anakhala pakati pa azibambo pansi pa mtengo wa mango, atagwira bondo lawo ndi manja onse awiri kuti lisagwedezeke. Magetsi anali atathima kuyambira dzana. Nyimbo zinaimbidwa, a mpingo analankhula, bokosi linatulutsidwa n'kuikidwa pabwalo kuti anthu aone nkhope. A Bonongwe anaimirira kutsogolo, chipewa chili m'manja, akuyang'ana mayi awo komaliza.

Pamenepo babu la pakhonde la nyumba ya siwa linayaka.

Masana dzuwa likuswa mtengo, kuwala kwake kunali kochepa, anthu ambiri sanakuone. A Mwalapwa anakuona. Anadzambatuka ngati alumidwa. Njira yaifupi yopita kumsewu inali yodutsa pakati pa bwalo, pakati pa bokosi ndi anamfedwa, ndipo anadutsa pomwepo. Sanayende, anathamanga. Anadumpha masamba aja timaika pamsewu posonyeza maliro, jekete likuuluka, n'kukhotera kwawo. Nyimbo inaduka pakati. Ndinayang'ana amake Tiyese. Anali atawerama mpaka chipumi kugunda maondo. A Bonongwe anatsatira munthu wothamangayo ndi maso mpaka atasowa, kenako anayang'ana babu lija, n'kubweza maso pa bokosi.

Patapita masiku angapo amake Tiyese anawakokera amuna awo kukapepesa, atanyamula tambala. Anandifotokozera okha m'mene zinayendera. Akuti poyamba a Mwalapwa anayamba bwino.

"Achimwene, ndinalakwa. Ndinalakwa kwambiri, pepani."

Akanalekera pomwepo. Koma a Bonongwe atangokhala chete, a Mwalapwa anaona ngati apatsidwa mpata. Anatola kamtengo n'kuyamba kujambula pansi: apa ngalande, apa thabwa, apa mzere, madzi akathamanga umachita chonchi. Anafotokoza kuti tsiku lija magetsi anangokhala ola limodzi, ndipo ola limenelo ndi limene linaonetsa pamene mzere umang'ambikira. Anaiwala kumene anali. Nkhope yawo inkawala. Amake Tiyese ankawatsina, iwo osamva.

A Bonongwe anawalola mpaka kumaliza.

"Mwatha, bambo?"

"Eya, mwachidule ndi zimenezo."

"Nkhukuyi ndalandira chifukwa cha mayiwa. Zinazo tamva."

Chowawa n'chakuti a Mwalapwa ankanena zoona. Pasanapite nthawi ndinamva akundikuwira pampanda, "Aphunzitsi! Zafanana! Bwerani, zafanana!" Ndinapita ndi manja a sopo. M'kangalande kagalasi anali atakuza malo ena kuti pakhale kadziwe thabwa lisanafike, ndipo kathabwa kake anakapendeketsa. Madzi abuluu ankafika pakadziwepo n'kufatsa, mafuta n'kuyala pamwamba, mzere uli gone, wosavina, madzi n'kudutsa pansi opanda kadontho. Pa sikirini chithunzi chinali chomwecho, ngakhale kakhonyo kakang'ono kamene mzerewo unkapanga pokhota pafupi ndi thabwa. Vuto silinali kuya kwa thabwa ayi, linali liwiro la madzi. Anayenda uku ndi uku pakati pa khonde ndi chipinda, akuseka okha, maso ali ndi misozi. Inenso ndinasangalala, ngakhale ndinawauza kuti akanatha kuziganiza zimenezi mawindo ali m'malo mwake.

Pokumba dziwe lenileni m'ngalande, azibambo a m'dera sanabwere. Nkhani ya maliro inali idakali yaiwisi. Tinakumba ndi ife amayi, a Mwalapwa ali pakati pathu ndi khasu lawo ndi chingwe choyezera, akutilamula ngati ana a sukulu. Mkazi wa a Bonongwe anabweranso, poti naye ali ndi dimba. Anakumba tsiku lonse osayang'ana a Mwalapwa kumaso.

Chinagwira ntchito. Oyilo ankaunjikana kuseri kwa thabwa, wakuda bii, madzi n'kutuluka kumunsi oyera. Chaka chimenecho mpiru unachita bwino. Kuyambira pamenepo m'mawa uliwonse a Mwalapwa ankapita padziwepo ndi chitini chokhomera ku nsungwi, n'kumayengula oyiloyo kuthira m'dilamu, chifukwa akachuluka kwambiri amadzadutsanso pansi. Amisiri ankabwera kudzatunga m'dilamumo kuti akapake mitengo ya denga, chiswe chisadye. A Bonongwe okha sanabwerepo. Ankakatenga wawo ku galaja.

Ndiyenera kunena kuti sanasinthe. Musaganize kuti atatha ntchitoyo anayamba kukhala pamaliro. Anayamba funso lina, la m'mene mzere uja umachitira mvula ikagwa, madzi akabwera ndi mchenga. Mawindo sanabwerere. Mbale za ufa zinapitirira kukhala ziwiri.

Anadwalira kuphiri, Loweruka lina la mwezi wa Okutobala. Amayi otola nkhuni anawapeza atakhala pamwala m'mbali mwa kamtsinje, tsamba lili m'manja. Akuti chimene chinawadziwitsa kuti zinthu sizili bwino n'chakuti anali atakhala. Kuchipatala anangogonako masiku ochepa.

Tsiku loika maliro, adzukulu amalawirira m'mamawa, dzuwa lisanatenthe. Kumanda n'kufupi, ndipo kukakhala bata makasu amamveka. Tsiku limenelo kunali zii. Amake Tiyese anali m'nyumba pafupi ndi bokosi, ndipo kanthawi kalikonse ankatembenuka kundiyang'ana. Dzuwa litakwera ndinalephera kupirira, ndinanyamuka kupita kwa a Bonongwe.

Ndinawapeza adzukulu onse ali pomwepo, atakhala pamabenchi pansi pa mango uja. Makasu, mapiki ndi mafosholo anali atatsamira pamtengo, okonzeka.

"Achimwene, kwachitika chiyani? Dzuwa lakwera."

"Palibe chachitika, aphunzitsi. Tikumba. Sitinakane."

"Nanga mukudikira chiyani?"

A Bonongwe analoza ndi chibwano pakhonde pawo. "Magetsi akayaka tiyamba."

"Mwati bwanji? Magetsi anathima dzulo! Akhoza kuyaka mawa!"

"Ndiye mawa."

"Kutentha konseku? Muli ndi chisoni inu? Madimba aja akazi anu akudya nawo anawapulumutsa ndani?"

"Za madimba tikuzidziwa, ndipo tikuthokoza," anatero mofatsa. "Koma mayi anga anali gone pabwalo pano, apa pamene mwaimapo. Malemu anatiphunzitsa kuti magetsi ndiwo amayamba. Taphunzira."

Ndinabwerera. Nkhani inandipitirira n'kufika pasiwa ine ndisanafike. Sindidzaiwala zimene ndinaona. Anthu ankaimba, koma maso onse anali pa babu la pakhonde la a Mwalapwa. Azibambo ankaimirira, kukhala, kuimiriranso. Wina ankapita kukadina switchi kuti atsimikize kuti ndi yoyatsa, wina n'kubwera kudzaidinanso. Amayi a kukhitchini ankasuzumira zipande zili m'manja. Mawondo a anthu ankagwedezeka pamabenchi. Dera lonse linasanduka a Mwalapwa, pa maliro a a Mwalapwa omwe. Pakanakhala tsiku lina ndikanaseka.

Tiyese analowa m'nyumba n'kugwada pafupi ndi mayi ake.

"Amayi, zisativute izi. Ndikatenge anthu aganyu m'tauni, akumba pompano."

"Bambo ako si mlendo," anayankha. "Sakumbiridwa ndi anthu osawadziwa dzina."

"Nanga titani? Tidikire mpaka liti?"

Amake Tiyese anaimirira. Mkazi wamasiye sayenera kuchoka pambali pa bokosi, ndipo amayi anayesa kuwagwira, koma anawasasa manja. Anatuluka pakhonde, anakoka mpando, anakwerapo anthu onse akuona, n'kupotokola babu lija. Analowanso n'kutenga khasu kuseri kwa chitseko, lomwe lija linakumba dziwe. Kenako anadutsa pakati pa bwalo, pakati pa anthu, n'kudumpha masamba a pamsewu. Iwo sanathamange. Tinawatsatira ambiri, nyimbo itaduka.

Atafika pansi pa mango, adzukulu onse anaimirira. Amake Tiyese anapita kwa a Bonongwe, anawagwira dzanja, n'kuikamo babu.

"Ili. Muziliyang'anira ndinu, lili pafupi. Ine ndikukakumba."

"Mayi..."

"Maliro a mayi anu ndinakhala ine, kuyambira tsiku loyamba mpaka kusesa. Ndinakhala ya ine, ndinakhala ya bambo. Maliro onse a kuno ndakhala pawiri. Amuna anga analakwa, ndinaona ndi maso angawa, ndipo manyazi ake ndinasenza ndine. Amene mukumulanga lero sakumva. Akumva ndine."

Anatembenuka n'kuyamba kulowera njira ya kumanda, khasu lili paphewa. Mkazi sakumba manda kuno, sizinachitikepo. A Bonongwe anaima kanthawi babu lili m'manja, osadziwa poliika. Kenako analiponya m'thumba la malaya, anathamanga, inde anathamanga, n'kukagwira mpini wa khasu lija.

"Bwererani mukakhale, mayi. Chonde. Khasuli tisiyireni."

Adzukulu anakumba dzuwa lili pamutu, nthaka ya Okutobala youma gwa, ndipo a Bonongwe sanatuluke m'dzenjemo kuti apumule mpaka litatha. Tinawaika a Mwalapwa dzuwa likulowa kuseri kwa phiri. Magetsi anayaka mawa lake, ndipo palibe anakuwa.

Pa chiliza Loweruka lija a Bonongwe anabwera, anakhala kumbuyo mpaka mapeto. Ndi amake Tiyese amapatsana moni, osapitirira apo. Khasu anabweza. Babu sanabweze, ndipo mayiwo sanalifunse.

Padziwe paja timayengula oyilo mosinthana, ine ndi amake Tiyese, tikakumbukira. Mchenga ukulowamo, dziwe likuchepa, ndipo mzere wayambanso kuvina. Funso lija la mvula anapita nalo osalimaliza. Kompyuta ili pomwepo, yofunditsidwa chitenje. M'mawindo a kuchipinda mukadali makatoni. Tiyese anagula magalasi atsopano, ali pansi pa bedi. Kangalande kagalasi kali pakhonde pa njerwa zake, kouma, muli masamba a mango ndi akangaude. Koma ukawerama umaona kamzere kofiirira kotsatira galasilo kuyambira kumtunda mpaka kumunsi, pamene mafuta ankathera ndi madzi kuyambira, ndi kakhonyo kake pafupi ndi thabwa. Amake Tiyese amasesa khonde lonse, amakolopa, koma pamenepo sakhudzapo.

Pamwamba pake pali pomangira babu, popanda babu. Madzulo magetsi akabwera, ana amakuwabe kuti "Ayakaaa!" Makonde onse a mzere wathu amawala, kupatula limodzi. Ine ndimadzutsabe mutu n'kuyang'ana kumpanda, kudikira mapazi.